Ngodya Yogwira Popanda Msomali

Bokosi kapena kabati imayamba kufooka pangodya. Ine si kalipentala wolembedwa ntchito, ndimangopanga zinthu za pakhomo panga, koma ndaona kuti matabwa ongogundanitsidwa n'kukhomedwa misomali salimba. Msomali wolowa kumapeto kwa thabwa umatsata mitsempha ya mtengo, ndipo umakhwefuka msanga. Guluu nayenso sagwira bwino pamenepo chifukwa thabwa limamumwa. Kenako pangodya pamatseguka kampata, ndipo mphemvu ndi nyerere zimapeza njira yolowera m'kabati ya mbale ndi ufa.

N'chifukwa chake ndimakonda kulumikiza ngodya ndi mano olowana, monga mmene zala za manja awiri zimalowanirana. Zipangizo zake n'zochepa: sowo, tchizulo chakuthwa, sikweya, pensulo ndi guluu wa matabwa.

Ndimasankha matabwa ouma bwino, opalidwa mofanana, tinene okhuthala mamilimita 20. Paini ndi wofewa, ndiye wabwino kuphunzirirapo musanagwire mlombwa. Ndimayeza mamilimita 20 kuchokera kumapeto, n'kulemba mzere kuzungulira thabwa ndi sikweya. Kenako ndimagawa m'lifupi mwake m'zigawo 5 zofanana. Chachiwiri ndi chachinayi ndimazilemba X, chifukwa ndizo zochotsa.

Pocheka m'pamene pamafunika kuleza mtima. Sowo imadya thabwa pang'ono, choncho ndimaiyendetsa mbali ya X, mzere wa pensulo n'kutsala ukuonekabe. Ikadya mbali ya dzino, dzinolo limawonda, ngodya n'kumagwedera. Ndi tchizulo ndimasema mpaka pakati, n'kutembenuza thabwa kuti ndimalizire mbali inayo. Ndikatero, m'mphepete simunyotsoka.

Thabwa lachiwiri sindiliyeza ndi tepi. Ndimaikapo loyambalo n'kulemba motsata mano ake, kuti dzino lililonse likhale ndi mpata wakewake. Ndisanapake guluu ndimayesa kaye kulowetsa. Manowo ayenera kulowa ndi mphamvu ya manja. Akafuna hamala ndiye kuti athina, ndipo thabwa likhoza kung'aluka.

Ndikapaka guluu, ndimamanga bokosilo ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kuyeza mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pa inzake. Miyezo iwiriyo ikafanana, bokosi lawongoka. Ndimalisiya usiku wonse osaligwedeza.

Ntchitoyi imatenga nthawi kuposa kukhoma misomali. Koma kabati yolumikizidwa chonchi simuikonza chaka ndi chaka, ndipo chakudya cha ana chimakhala pamalo otsekeka bwino.