Njinga Yovala Zakale

Malemu bambo anga adali mlangizi wa zaulimi ku Dedza, ndipo ankayendera kanjinga kamoto ka Yamaha kozungulirira midzi. Loweruka m'mawa ankayala chiguduli pansi pa mtengo wa pichesi, n'kumasula kabuleta, kuitsuka ndi petulo m'chitini, kenako n'kupemerera timabowo take ndi pakamwa. Ine ntchito yanga idali yogwira tizitsulo kuti tisasowe m'fumbi. Ndidakula ndikukhulupirira kuti mwamuna amene sadziwa kumasula njinga yake sayenera kuikwera.

Chikhulupiriro chimenechi ndidapita nacho ku Leicester, ku Mangalande, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. M'chaka cha 2019 ndidagula Triumph Bonneville yakale pang'ono, yopangidwa mu 2010. Likulu la kampaniyi lili ku Hinckley, tauni yoyandikana nafe. Dzina la Bonneville lidayamba mu 1959, lidazimirira kampani itagwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo lidabweranso mu 2001. Ndi imodzi mwa njinga zimene masiku ano amazipanga dala kuti zizioneka ngati za makedzana: nyali imodzi yozungulira, mpando wautali, injini ili poyera yopanda mapulasitiki oiphimba. Kawasaki Z900RS, Yamaha XSR700 ndi Royal Enfield Interceptor 650 ndi za m'banja lomweli.

Tsiku loyamba ndidagwada pambali pake n'kuona makabuleta awiri akunyezimira. Mtima udati myaa, ndidamva ngati ndakumana ndi m'bale. Koma nditafuna pomasula, ndidapeza kuti si makabuleta ayi. Kuyambira cha mu 2008, njinga zimenezi zimathira petulo mu injini motsogozedwa ndi kakompyuta, ndipo opanga adangoumba zitsulozo kuti zifanane ndi kabuleta pofuna kusangalatsa maso a anthu ngati ine. Kunena zoona, ndidakhumudwa. Komatu chinyengo chimenechi n'chomwe chinkachititsa kuti njinga ilire kamodzin'kamodzi m'mawa wa chisanu, pamene bambo anga ankaponda kikisitata mpaka thukuta kamukamu mwezi wa June.

Kwa chaka chathunthu sidandivutepo. Zimene inkafuna zidali zochepa ndiponso zotopetsa: kutsuka ndi kudzoza tcheni, kuona ngati chakhwepa, kusintha oilo pa nthawi yake, kupima mpweya m'matayala. M'nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mcherewo umadya chitsulo ngati chiswe, choncho ndinkaitsuka pafupipafupi. Chaka chilichonse inkakhoza mayeso a MOT, amene njinga iliyonse yopitirira zaka zitatu imayenera kuyesedwa.

Koma manja adayamba kuyabwa. Njinga yosawonongeka imamusowetsa chochita mwana wa mlangizi. Ndidayamba kusirira zithunzi za anzanga amene adadula izi, kuchotsa izo. Ndidagula ekizosi yaphokoso. Ndidafupikitsa madigadi akumbuyo. Kenako ndidachita chachikulu: ndidachotsa bokosi lonse limene limasefa mpweya, n'kuika tisefa tiwiri tapoyera, tokongola ngati tizipewa. Sindidaganize zoti kakompyuta kaja kadaphunzitsidwa kuyeza petulo molingana ndi bokosi lomwe ndidataya. Injini idayamba kulandira mpweya wambiri, petulo wochepa. Inkatentha, inkaphulika m'ekizosi ndikabweza moto. Ine ndinkati ndiko kulira kwa njinga yamphamvu.

Tsiku lina mu November, mvula ikugwa, ndidanyamuka 6 koloko isanakwane kupita kwa gogo wina amene ankakhala yekha kumudzi wa kunja kwa mzinda. Ndine ndinkayenera kuwadzutsa, kuwapatsa chakudya ndi mankhwala a shuga. Pakati pa njira, tisefa tija tidamwa madzi. Njinga idatsokomola, idatsamwa, n'kuzima. Msana wanga udali matope okhaokha chifukwa cha madigadi odula aja. Ndidaima mumdima m'mbali mwa mpanda wa munda wa eni, ndikuimbira foni ku ofesi kuti apeze wina. Amene adapezeka adafika patatha ola ndi theka. Gogoyo adamupeza atayesa kudzuka yekha, atakhala pansi pafupi ndi bedi, akunjenjemera. Sadavulale, koma mawa lake adandifunsa mofatsa ngati ndidadwala. Ndidalephera kuwayang'ana kumaso.

Makaniko amene ndidamupititsira njingayo, mkulu wa imvi, sadandinyoze. Adangofunsa ngati bokosi lija ndidalisunga. Adati kusintha njinga si mlandu, koma ukasintha polowera ndi potulukira mpweya uyenera kusinthanso malangizo a m'kakompyuta, ndiponso kudziwitsa a inshuwalansi, zomwe ine sindidachite. Mwamwayi bokosilo lidali pansi pa masitepe, m'katoni ya nsapato za ana.

Tidabwezera zonse, kupatula zogwirira zotenthetsa manja zimene iye mwini adandilangiza kuika. Madigadi atsopano adandidyera malipiro a masiku atatu. Ekizosi yaphokoso ija ndidaigulitsa kwa mnyamata wina, ndipo ndidamuuza zonse asanapereke ndalama. Adaseka, n'kuinyamula.

Loweruka m'mawa ndimayala katoni kuseri kwa nyumba, n'kuitana mwana wanga wamkazi kuti azizunguliza tayala lakumbuyo pang'onopang'ono pamene ine ndikudzoza tcheni. Tsiku lina adaloza makabuleta abodza aja n'kufunsa kuti, "Adadi, ichi chimagwira ntchito yanji?" Ndidamuuza za agogo ake ndi chitini cha petulo.