Gofu wa chimbale komanso malo osewerera pa Mulanje Boma

Kwa ambiri a ife amene tinakulira pa Mulanje Boma, gofu ndi masewero oonera patali. Bwalo lake lilipo ndithu pakati pa minda ya tiyi, koma ndodo, mipira ndi ndalama zolowera sizigwirizana ndi thumba la mwana wa mayi wothyola tiyi. N'chifukwa chake ndikufuna tikambeko za gofu wina, amene Azungu amati disc golf. Ine ndimangoti gofu wa chimbale.

Malamulo ake ndi osavuta. Umaponya chimbale cha pulasitiki kulunjika pa dengu lachitsulo lokhala pamtengo, lomwe pamwamba pake pamalendewera matcheni oimitsa chimbalecho. Pomwe chagwera, uponyerenso pomwepo. Wopambana ndi amene wamaliza madengu onse ataponya maulendo ochepa. Bwalo loyamba lokhazikika linatsegulidwa mu 1975 ku Oak Grove Park, ku California, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo ndi Ed Headrick. Chaka chotsatira kunakhazikitsidwa bungwe loyendetsa masewerowa la PDGA. Lero mabwalo ambiri, ku America ngakhale ku Finland, ali m'mapaki a anthu onse ndipo salipiritsa.

Patchuthi chapitachi ine ndi anzanga atatu tinayesa. Chimbale chinali chimodzi, chogula pakaunjika pa Chitakale. Madengu tinalibe, choncho tinasankha mitengo 6 m'mbali mwa bwalo lina n'kumangapo nsanza zofiira. Chimbale chikagunda thunthu, ndiye kuti wamwetsa. Inali nyengo ya chiperoni, ndipo mphepo inkaseweranso nafe: ukaponya molimbana nayo chimbale chimakwera m'mwamba n'kupatuka, ukaponya motsatana nayo chimagwa msanga. Tinaphunzira kuti mphamvu si kanthu, chofunika ndi dzanja lofatsa.

Tisanafike pamtengo wachitatu, ana anali atatizungulira. Kamtsikana kena kanayamba n'kutitolera chimbale, kenaka kanati, "Achimwene, ndiyeseko." Kanagunda mtengo kachiwiri kokha, pomwe ife a ku yunivesite tinkafuna maulendo anayi. Agogo ena odutsa ndi njinga nawonso anaima n'kuponyako. Pa mpira wamiyendo, kamtsikanako ndi agogowo akanakhala oonerera basi.

Tsiku lachitatu mlonda anatiuza mwaulemu kuti malowo ali ndi eni ake. Sanalakwe, ndi ntchito yake. Koma titafunsana kuti tilowere kuti, aliyense anangoti kukamwa yasa. Malo amene tinkasewererapo phada ndi chipako tili ana, lero pena pali mpanda, pena maziko a shopu. Mabwalo otsalawo ndi a mpira, ndipo madzulo amakhala a anyamata akuluakulu. Ndiye tizidabwa bwanji achinyamata akamathera tsiku pa kubetcha?

Wina anena kuti m'boma limene namondwe wa Freddy anasakaza mu 2023, za zimbale n'zopanda pake. Anthu akufuna milatho ndi mankhwala. Sindikutsutsa. Koma bwalo lotere silifuna udzu wothirira kapena simenti yambiri. Madengu 6 kapena 9 angapangidwe ndi owotcherera zitsulo athu omwewa, ndipo mitengo, m'malo moidula, ndiyo imakometsa masewerowo. Chodula ndi chimodzi chokha: malo. Ndipo malo akagawidwa mapuloti sabwereranso.

Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Alendo azibwera kudzakwera Sapitwa, ena kudzaonera mpikisano wa Porters Race. Zonsezo n'zabwino. Koma mwana wa pa Boma sakwera phiri tsiku lililonse akaweruka kusukulu.

Pempho langa kwa makhansala, mafumu ndi eni minda ya tiyi ndi ili: patulani kamalo kamodzi kamitengo, kopanda geti, ndipo mulembe kuti n'ka aliyense. Zimbale tibwera nazo tokha.