Koluna ya Mawaya

Tili ana ku bairro ya Josina Machel, ku Tete, tinkapanga magalimoto a nkhondo ndi mawaya. Tinkatengera koluna yocokera ku Zimbabwe, yoperekezedwa ndi asilikali, imene inkawoloka mlatho wa Zambezi kupita ku Zóbuè. Matayala tinkadula ku mapatapata akutha, thupi linali la citini, utoto wake dothi losakaniza ndi makala.

Nkhondo itatha mu 1992, yanga ndinaitsekera m'bokosi. Dzana mdzukulu wanga anaipeza.

"Agogo, ndicotse mfutiyi kuti ndizinyamulira matimati?"

Ndinakhala cete, ndikukumbukira mkulu wanga amene anakwera koluna yeniyeni osabwerera. Kenako mfutiyo ndinaicotsa ndekha, n'kumupatsa galimotoyo.