Choko, chidulo ndi mabatire akutha

M'masiku athu, mwana akamakhoza masamu ndi sayansi, mudzi wonse unkadziwiratu kuti ameneyu adzakhala dokotala, ngakhale kuti sukulu ya udokotala kunalibe m'dziko muno mpaka mu 1991. Ine nditanena kuti ndikufuna uphunzitsi, bambo anakhala kaye chete, kenako anati, "Mwanawe, nzeru zonsezi zikathere pa choko?" Amalume ndiwo anandiikira kumbuyo. Anati, "Alamu, nanga dokotalayo amadziphunzitsa yekha?"

Chimene chinandikoka n'chakuti kusekondale, ambiri otiphunzitsa sayansi anali azungu a Peace Corps ndi VSO. Ankagwira ntchito ndi mtima wonse, koma pakatha zaka ziwiri ankabwerera kwawo, ife n'kutsala tikudikira wina. Ndinalowa ku Soche Hill College mumzinda wa Blantyre, ndipo mu 1973 tinasamukira ku Chancellor College ku Zomba. Kumeneko zipangizo zinalipo zokwanira, moti ndinkaganiza kuti ntchito yonse idzakhala choncho.

Zinasintha ndili kale wamkulu pantchito. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anadzaza m'makalasi, ndipo mu 1998 sukulu za MCDE zinasanduka ma CDSS. Ananditumiza ku imodzi mwa sukulu zimenezi, yakumudzi ndithu. Labu kunalibe, magetsi kunalibe, madzi tinkatunga pamjigo. Koma mayeso a MSCE anali omwewo amene ankalemba ana a m'sukulu zogonera konko. Mwana amene sanagwirepo burette ankayembekezeka kuchita titration pa tsiku la mayeso, manja akunjenjemera. Zimenezi zimandipwetekabe mumtima.

Ndiye tinayamba kuyang'ana zimene tinali nazo. Atsikana ankabweretsa chidulo chimene amayi awo amatcheza ndi phulusa pophikira therere. Anyamata ankathyola mandimu. Tinkasinja maluwa ofiira a hibiscus, n'kuwaviika m'madzi otentha, n'kusefa ndi kansalu. Ukadonthezera mandimu m'madzi amenewo, ankafiira kuti psuu. Ukathira chidulo, ankasanduka obiriwira. Kalasi yonse inkaimirira, ena kukwera pamadesiki kuti aone. Tsiku limenelo palibe amene ankafunika kuloweza za asidi ndi alikali. Mtsikana wina anafunsa yekha kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti tikaziphatikiza zithana mphamvu?" Anali atafika pa neutralisation ndisanalembe n'komwe pabolodi.

Mabatire akutha a wailesi tinkawang'amba, n'kutulutsa kamtengo kakuda ka kaboni kam'kati ndi chikhungwa cha zinki. Moto tinkayatsa pambaula. Za distillation sindinavutike nazo, chifukwa mwana aliyense anaonapo kachasu akutchezedwa kuseri kwa mudzi: mphika wotsekedwa bwino, paipi yodutsa m'madzi ozizira, botolo kumapeto. Ine ndinkangowonjezera chifukwa chake, kuti mowa umawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa 100. Makolo ena anadandaula kuti ndikuphunzitsa ana zauchidakwa. Ndinawaitanira m'kalasi, anamvera phunziro lonse, ndipo gogo wina anatuluka akunena kuti sankadziwa kuti zimenezi zimalembedwanso m'mabuku.

Anzanga ambiri anachoka. Ena analowa m'makampani, ena anapita kukaphunzitsa ku Botswana, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Pambuyo pake thandizo linayamba kubwera. Domasi College of Education inali itayamba kale kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, ndipo maphunziro a SMASSE, amene a ku Japan anathandizira, anatisonkhanitsa patchuthi kuti tigawane nzeru. Zambiri zimene ankalimbikitsa kumeneko ndi zomwe umphawi unatiphunzitsa kale, koma zinatilimbitsa mtima kuona kuti sitinali tokha.

Lero ndikapita kuchipatala ndi nthenda yanga ya shuga, nthawi zina namwino amandigwira dzanja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwandiiwala?" Ena ndi alangizi a zaulimi, ena akuyeza magazi m'malabu a zipatala.

Inu adzukulu anga amene mwakhoza Physics, Chemistry ndi Biology, polemba mafomu a kukoleji musaike uphunzitsi kumapeto ngati pothawira. Ndipo akakutumizani kusukulu yakumudzi, pitani. Kumeneko kuli ana amene afika Fomu 4 asanaonepo microscope.