Musanagule foloko yatsopano, yezani khosi la njinga

Aliyense amene ali ndi njinga yakale yachitsulo ya mpikisano, ija ya mahandulo opindikira pansi, tsiku lina amalakalaka foloko ya carbon. Mavidiyo a pa YouTube ndiwo amautsa chilakolakochi. Yanga ndinaigula pa kaunjika ndili chaka choyamba, ndipo ndiyo imandipulumutsa ku ndalama za minibasi. Chiwongolero chitayamba kugwedera ndinawerengera zonse, ndipo ndinasankha kusunga foloko yakale n'kusintha headset yokha. Ndikuona kuti ambiri a ife tingachite bwino kutero.

Headset ndi timbale tiwiri ta mabeling'i, kena pamwamba kena pansi pa khosi la felemu, timene timalola foloko kutembenuka. Njinga zambiri zachitsulo za m'ma 1970 ndi 1980 zili ndi foloko ya paipi ya inchi imodzi, mamilimita 25.4, yokhala ndi mazinga pamwamba. Mafoloko ambiri a lero ndi a mamilimita 28.6 kapena kuposerapo, opanda mazinga. Paipi yotere siingalowe m'headset ya inchi imodzi, ngakhale amakaniko akhale aluso chotani.

Inchi imodziyonso ili ndi mitundu. Pa muyezo wa ISO, timbale tolowa m'felemu ndi ta mamilimita 30.2, ndipo kamphete kokhala pamapewa a foloko ndi ka 26.4. Pa muyezo wa ku Japan, wotchedwa JIS, ndi 30.0 ndi 27.0. Izi zimatikhudza, poti njinga zambiri za kaunjika zimachokera ku Japan. Peugeot zakale za ku France zili ndi paipi ya 25.0, pomwe Raleigh zambiri zakale za ku Nottingham zili ndi mazinga 26 pa inchi m'malo mwa 24. Mukakhomera kamphete ka 26.4 pamalo pa 27.0, kakhoza kusweka.

Mafoloko a carbon a inchi imodzi alipo, koma ndi osowa ndipo ambiri alibe mazinga. Mukagula yotere, mugulanso headset ina ndi stem ina yogwira mahandulo, mwinanso mahandulo amene. Kenako buleki. Ngati mawilo anu ndi a mainchi 27, limu yake ndi ya mamilimita 630, pomwe foloko yatsopanoyo inapangidwira 700C, ya 622, choncho tayala likhoza kukhula pamwamba ndipo mabuleki osakhala pamalo pake. Foloko ikasiyana kutalika, kapena kupindikira kwake kutsogolo, njinga imakhota mwachilendo. Kwa ine, mtengo wa zonsezi unaposa umene ndinagulira njingayo.

Chachikulu kuposa ndalama ndi chitetezo. Chitsulo chikagunda dzenje kawirikawiri chimapindika, mumaona ndi maso. Carbon ikhoza kung'aluka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino, ndipo foloko yogwiritsidwapo kale simudziwa kuti inagwa kangati. Foloko ikathyoka mukutsika chitunda, mumagwa chamutu.

Foloko yakale imafunika kuichotsa ikakhala ndi mng'alu pamapewa, dzimbiri lodya m'kati, kapena ikabwerera m'mbuyo chifukwa cha ngozi. Pamenepo yang'ananinso felemu kuseri kwa khosi: makwinya pa paipi ndi chizindikiro choti nayonso inavulala. Ngati felemu ili bwino, funani foloko yachitsulo yofanana miyezo ndi kutalika kwa paipi.

Ngati foloko ili yowongoka, yesani headset. Gwirani buleki yakutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku. Ikamagogoda, yamasuka ndipo ingofunika kumanga. Nyamulani wilo yakutsogolo n'kutembenuza mahandulo. Akamakakamira pakati, timbale tadyeka. Headset ya muyezo woyenera, girisi ndi amakaniko odziwa kuyeza asanakhome, n'zokwanira. Ndalama zotsalazo gulirani matayala abwino, chifukwa pa misewu yathu kusintha kumamveka pamenepo.