Mtsuko Wolankhula

Agogo anga a kwa Changata anali ndi wailesi yonga poto, ya mtundu umene unayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1949, namamvera nyimbo zochokera ku Lusaka. Ine ndinatengera mtima wao wokonda mau omveka bwino.

Bambo atakalamba, makutu ao analema. Pa wailesi yathu yaing'ono sanali kumva mauthenga achisoni, ndipo tsiku lina maliro a mnzao amene anathyola naye tiyi anawapitirira osadziwa. Analira ndithu.

Ndinachotsa sipika m'wailesi yakufa, koma mau ake anali opyapyala. Chifukwa chake nchakuti sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo imaukoka. Popanda chotchinga pakati, mau aakulu amazimirira. Tsono ndinaiika pakamwa pa mtsuko wa amai, ndi kumata m'mbali ndi phula kuti mpweya usatuluke. Mtsukowo unabangula!

Pambuyo pake ndinakhoma bokosi ndi matabwa a mabokosi akale a tiyi, ndi kuikamo thonje. Madzulo amenewo bambo anakhala pakhonde, namva mau onse. Amai nao analandira mtsuko wao.