Msana ukamawawa tisamangoloza dengu

Kuno ku Thyolo, mayi wothyola tiyi akadandaula msana, tonse timaloza dengu. Koma khansa ya m'mafuta a m'mafupa, multiple myeloma, imayambanso choncho: msana kuwawa osaleka, magazi kuchepa, mafupa kuthyoka chisawawa.

M'kalasi ndimaphunzitsa kuti selo lililonse lili ndi dzala lake, proteasome, momwe mapuloteni otha ntchito amaphwanyidwira. Maselo a khansayi amapanga mapuloteni ochuluka zedi. Mankhwala a bortezomib amatseka dzalalo, maselowo n'kufa ndi zinyalala zawo zomwe. Bungwe la WHO linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019.

Makolo a ophunzira anga sangapindule nawo akamangomwa panado. Ululu ukatha miyezi, akayezetse magazi, apemphenso kalata yopita ku Queens.